Kujambula Thyolo alethe ndi penti wa madzi: pepala likukwinyika, mbalame ikuoneka ngati ikugwa

Wa_ku_Chitakale:
Akuluakulu, ndikufuna kujambula mbalame yotchedwa Thyolo alethe ndi penti wa madzi. Pepala likumakwinyika, khosi loyera likumada, ndipo mbalameyo ikumaoneka ngati ikugwa chafufumimba. Ndiyambire pati?

Mjambuli_Luchenza:
Achimwene, yambani ndi pepala. Lochepera 300 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala) limakwinyika likangonyowa. Ngati muli ndi la 190 gsm, liviikeni m'madzi mphindi 5, muliyale pathabwa, mumate mbali zonse zinayi ndi tepi ya pepala ya guluu, liume usiku wonse. Likauma limakungika ngati chikopa cha ng'oma. Tepi ya pulasitiki siigwira pepala lonyowa.

Nthawi ya chiperoni penti amachedwa kuuma. Mukapaka wachiwiri woyamba asanaume, mitundu imasakanikirana n'kukhala matope. Gusani ndi kunja kwa chala: pakazizira ndiye kuti sipanaume. Zojambula zomaliza musazitsamiritse kukhoma, zimachita nkhungu.

Mayi_wa_ku_Bvumbwe:
Za kugwazo, vuto ndi miyendo. Ndi pensulo ya HB jambulani kaye thupi lozungulira motalikirako, kenako mutu. Kokani mzere wowongoka kuchokera pakati pa thupi kutsika pansi. Zala za mbalame zigwere pamzere umenewo. Zikakhala kumbuyo kwake, mbalame imagwa ndithu. Komanso mfundo ya mwendo imene imapindikira kumbuyo ija si bondo ayi, ndi kachidendene. Bondo lenileni limabisika m'nthenga. Ambiri amalakwitsa pamenepa.

Khosi musalipake penti woyera. Siyani pepala lokhalo, muzungulire malowo ndi burashi ya nambala 2. Chimodzimodzi nsonga zoyera za kumchira. Msana wofiirira upakeni ndi penti wofiirira wotchedwa burnt sienna wosungunula kwambiri, kawiri kapena katatu, kuyambira wowala kupita wakuda. Imvi ya pachifuwa ipangeni posakaniza burnt sienna ndi penti wabuluu wotchedwa ultramarine. Penti wakuda wa m'chubu amapha chithunzi. M'diso musiye kadontho koyera, apo ayi likhala lakufa.

Mlonda_wa_Ruo:
Zonsezo n'zoona, koma mbalameyo muyenera kuiona yamoyo. Alethe imakhala pansi m'nkhalango yowirira, ndipo imatsatira linthumbu n'kumatola tizilombo tothawa. Mukapeza mzere wa linthumbu m'mamawa ku Ruo Gorge paphiri la Mulanje kapena m'timankhalango totsala pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo, khalani chete chapatali, mathalauza mutawalowetsa m'masokosi. Siima nthawi yaitali, choncho jambulani mizere isanu kapena isanu ndi umodzi yokha: kupendekeka kwa msana, kutalika kwa miyendo, pamene mchira waloza. Mitundu lembani ndi mawu pambali, mukapake kunyumba.

John James Audubon, amene zithunzi zake 435 za mbalame za ku America zinasindikizidwa pakati pa 1827 ndi 1838, ankawombera mbalame n'kuziimika ndi waya. Zina mwa mbalame zake zili ndi makosi opotoka modabwitsa. Inu musayerekeze: alethe ili pangozi yotha, nkhalango ya paphiri la Thyolo inadulidwa pafupifupi yonse, ndipo ya Mulanje ndi yotetezedwa kuyambira 1927.

Mjambuli_Luchenza:
Kuwonjezerapo pang'ono: kumbuyo kwa mbalame pakani wobiriwira wakuda kuzungulira khosi. Kuyera kwa pepala kumaoneka pokhapokha pambali pake pali mdima.