Injini ya Argosy ikulavula madzi: ndimange ndekha kapena ndigule ya reman?

aBanda, Rosettenville
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Thiraki yanga ya Argosy ili ndi injini ya Detroit Series 60 ya malita 12.7, ndipo yadutsa makilomita 1.2 miliyoni. Ulendo wathawu pochokera ku Blantyre, nditangopitirira Polokwane, madzi anayamba kusefukira pa thanki ya rediyeta. Ndinathira kanayi kuti ndifike ku City Deep, kuno ku Joni. Oyilo ikumwa ngati ili pa ukwati, ndipo paipi yopumira injini ikufuka utsi. Koma siyinanoke, oyilonso sanasanduke mkaka. Ndafunsa mitengo: injini ya reman (yakale yomangidwanso ku fakitale) ikuposa katatu kiti ya ovaholo (zipangizo zatsopano zomangira injini yomweyi). Ma Isuzu ang'onoang'ono ndamangapo ambiri, koma chinjovu ichi sindinachitsegulepo. Katundu wa anthu wa Khirisimasi wayamba kale kuunjikana pa yadi. Nditani?

Mphatso, Kempton Park
Bambo Banda, gulani reman basi. Masiku atatu yakwera, mwanyamuka, walanti ili m'thumba. Kumanga nokha mutha mwezi, ndipo amene anakusungitsani mafiriji ndi mabedi sadikira, apita kwa transipota wina.

Che Yusufu, Germiston
Mphatso mwanawe, usathamangire kugula bokosi wodwala akupumabe. Achimwene aBanda, za ndalama ziyambe zaima. Choyamba onani kompuresa ya mpweya wa mabuleki. Imaziziritsidwa ndi madzi omwewo, ndipo hedi yake ikang'aluka imapopera mpweya mu rediyeta ndendende ngati gasiketi yapsa. Ndinaonapo munthu atamasula injini yonse vuto lili pamenepo. Chachiwiri, dulani fyuluta ya oyilo, tambasulani pepala lake padzuwa. Mukaona tizitsulo tonyezimira ngati mkuwa, mabeyaring'i adyeka, nkhani yasintha. Kenako tsitsani sampu, chotsani hedi. Yankho la funso lanu lili mu buloko ndi kiranki, osati m'gulu muno.

aBanda, Rosettenville
Kompuresa ndinaiyesa dzulo, ili bwino. Fyuluta ndidula mawa m'mawa.

aNgozo, Booysens
Ine ndiyankhepo pa za remanizi, poti zinandiwotchapo. Mawu amenewa pano pa Joni aliyense akuwagwiritsa ntchito. Ilipo reman yeniyeni, monga Reliabilt ya Detroit kapena ReCon ya Cummins, imene imaphwasulidwa yonse, chilichonse n'kuyezedwa. Ndiye palinso ina yoti aitsuka ndi parafini, aika maringi atsopano, aipopera penti, yatha. Ine ndinagula yachiwiriyi pa yadi ina, dzina ndisatchule. Inakafera pakati pa Tete ndi Zobue. Nditaimba foni anati bweretsani injiniyo tiione. Kuchokera ku Mozambique! Walanti ya Mphatsoyo imathera pa Beitbridge ngati simunawerenge bwino pepala.

Ndiye mukafuna kugula, afunseni pepala la miyezo: kiranki anaidula kangati, malayina (mapaipi a mu buloko momwe mumayenda mapisitoni) ndi a kampani yanji, anaiyesa pa dayino (makina oyesera mphamvu ya injini) kapena ayi. Mufunsenso za injini yanu yakale. Amaitenga ngati chosinthira, ndipo akapeza buloko yong'aluka dipoziti yanu sibwerera. Ambiri amafunanso kuti muike oil cooler yatsopano, mutsukitse rediyeta, ndipo iikidwe ndi galaja imene iwo akuivomereza. Mukawonkhetsa zonsezo, katatu kaja kamakhala kanayi.

Mphatso, Kempton Park
Zoona aNgozo, koma yomanga wekhanso ikafa ku Tete umaimbira ndani?

aNgozo, Booysens
Umadziimbira wekha, koma umadziwa chimene unaikamo.

Mayi a Tadala, Mayfair
Abambo inu mukungokamba za zitsulo, mwaiwala mapepala. Ine ntchito yanga ndi yomweyi. Injini ikasintha, nambala yake yasinthanso. Ngati thirakiyo inalembetsedwa kuno, mufunika kiliyalensi ya apolisi, kenako nambala yatsopano ilowe mu NaTIS, kaundula wa magalimoto wa boma la kuno, disiki ituluke ina. Ngati ili ndi nambala ya kwathu, ndiye nkhani ya a Road Traffic ku Malawi. Musanakonze zimenezo mukafika pa boda nambala ya pa buloko ikusiyana ndi ya pa pepala, mugona pamenepo ndi katundu wa eni ake. Masiku atatu a Mphatso aja ndi a masipanala okha. Muonetsetsenso kuti wogulitsayo akupatsani invoisi yolembapo nambala ya injini.

aBanda, Rosettenville
Mayi, zimenezo sindinaziganizire n'komwe. Ili ndi nambala ya GP, ya kuno ku Gauteng.

Ndabwera ndi zotsatira. Mu fyuluta mulibe mkuwa. Mabeyaring'i atha mofanana onse, kiranki ndi yosalala, chikhadabo sichikodwa paliponse, ndipo mnzanga wayeza ndi micrometer akuti idakali pa sitandadi. Hedi tachotsa ndi kireni. Gasiketi yapsa pa silinda 5, ndipo layina ya pamenepo ikuoneka ngati yamira pang'ono poyerekeza ndi zinzake.

Che Yusufu, Germiston
Eya, ndiye tapeza mfiti. Injini imeneyo ndi yomanga, osataya. Kiranki ili bwino, simufunika kuitsitsa pa chasisi, mumangira pomwepo. Koma mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene amakaniko ambiri amagwera. Layina imayenera kutulukira pang'ono pamwamba pa buloko kuti hedi ikamangidwa ipanikize gasiketi mwamphamvu mozungulira silinda. Pamene layina imakhalira mu buloko pakadyeka, imamira, gasiketi siigwira, moto umadutsa n'kulowa m'madzi. Mukangoika kiti yatsopano osakonza pokhalirapo, mudzachita bwino ulendo umodzi kapena iwiri, kenako madzi ayambiranso. Ndiye mudzati kitiyo inali yabodza.

Itanani munthu wa makina odulira counterbore (pokhalira layina paja), amabwera nawo pa yadi pomwepo. Adule, aike mashimu, tizitsulo topyapyala tokwezera layina. "Ikuoneka ngati yamira" si muyezo, achimwene. Layina iliyonse muipanikize, muyeze ndi dial gauge malo angapo mozungulira, zonse 6, mulembe papepala, muyerekeze ndi zimene buku la injiniyo likunena. Zoyandikana zisasiyane kwambiri.

Hedi musaikhulupirire ndi maso. Ipite ku injiniyaring'i akaiyeze ming'alu ndi kupindika, aonenso machubu a mainjekitala. Poti kamshafti yatuluka kale, gwedezani bull gear, giya yaikulu ya kutsogolo kwa injini, muone ngati ili ndi pulei. Mabawuti a hedi amamangidwa motsata ndondomeko, ndi torque wrench yoyezedwa, osati ija imakhala pansi pa mpando. Mainjekitala a Series 60 amatcheredwa ndi kageji ka kutalika, nambala yake ili pa chizindikiro cha pa kava.

aNgozo, Booysens
Ndipo fumbi la pa yadi ya City Deep ija ndi mdani. Tchingani ndi tenti, zitsulo zikhale pa tebulo, osati pa katoni pansi. Oil cooler ndi mathemositati sinthani, tebo (turbo) muionetse. Mukailiza musaisiye ikungolira pamalo tsiku lonse, maringi sakhazikika. Ikokereni katundu, mupite Harrismith pa N3 n'kubwerera musanayang'ane ku Musina, njira ya ku boda.

Mphatso, Kempton Park
Chabwino ndagonja, koma kiranki ikanakhala yodyeka ndikanapambana ine.

Che Yusufu, Germiston
Ikanadyeka, kapena buloko ikanang'aluka, ndikanakuvomereza. Osati lero.

aBanda, Rosettenville
Zikomo nonse. Hedi yapita ku injiniyaring'i, wa counterbore abwera Lachinayi. Katundu wa sabata ino ndamupatsa mlamu wanga anyamule pa thiraki yake, tigawana. Che Yusufu, Loweruka mungabwere mudzaone miyezo ndisanatseke? Nsima ndi chambo chouma zikhalapo.

Che Yusufu, Germiston
Ndifika 8 koloko. Kageji ka mainjekitala ndibweretsa kanga, inu mupeze buku.