Gulu la Banja: Za ana a kwa Agogo ku Mitundu

Achimwene a ku Joni: Mwaswera bwanji nonse. Ndamva kuti kamwana ka malemu achemwali, kachitsirizira kaja, katulutsa njoka za m'mimba pochita chimbudzi. Kuno akugulitsa ma probiotics ndi mavitamini, akuti amakweza chitetezo cha m'thupi mpaka njoka zimatuluka zokha. Tisonkhe, nditumize pa basi ya Lachisanu.

Amalume a ku Kawale: Nzoona, ndinali komweko Lamlungu. Kamimba katupa, m'zikope mwayera, kudya sakudya. Ndipo ana pakhomopo alipo asanu. Zidzakwana zingati?

Achimwene a ku Joni: Kuphatikiza ya basi, mwina K90,000.

Achemwali a ku Area 25: Achimwene dikirani kaye, ndangotsika kumene ku wodi. Mtima wanu ndi wabwino, koma mabotolowo sapha njoka. Ma probiotics ndi tizilombo tabwino ta m'matumbo, tofanana ndi timene timapezeka mu yogati. Kafukufuku wambiri wa ma probiotics ndi njoka anachitikira pa mbewa za mu labotale. Mbewa zina njoka zinachepadi, koma zina zinachita kuchuluka. Ine sindingayesere zimenezo pa mwana wa mchemwali wanga, pamene mankhwala enieni alipo ndipo kuchipatala cha boma salipiritsa.

Mlamu wa ku Chinsapo: Mankhwala ake ndi ati alamu?

Achemwali a ku Area 25: Albendazole, kapiritsi kamodzi kotafuna ka 400 mg kwa wa zaka ziwiri kupita m'tsogolo. Wa chaka chimodzi amamwa theka. Koma aliyense asangogula pa golosale ayi, apite nawo kuchipatala akamuone magazi, chifukwa kuyera m'zikopeko kwandidetsa nkhawa. Pali njoka zina zing'onozing'ono zimene zimalowera kumapazi mwana akamayenda wopanda nsapato, zikafika m'matumbo zimaluma n'kumayamwa magazi. Zazitali zimene anatulutsazo mazira ake amalowera pakamwa, ndi dothi la m'manja kapena masamba osatsuka bwino.

Achimwene a ku Joni: Ndiye kuti mavitamini alibe ntchito?

Achemwali a ku Area 25: Ali nayo, koma ntchito yake ndi ina. Thupi likamalimbana ndi njoka, matumbo amatulutsa zonanda zambiri ndiponso amatakasuka kuti azikankhire kunja. Mwana wonyentchera, wosowa zakudya zomanga thupi, vitamini A ndi zinc, nkhondo imeneyi imamukanika. Njokazonso ndi zochenjera, zimafooketsa chitetezo kuti zikhale m'mimba nthawi yaitali. Vitamini A amapereka kale kusikelo miyezi 6 iliyonse kwa ana osakwana zaka zisanu, ndiye kuwonjezera wina wa m'botolo pamwamba kutha kumupweteka mwana. Akapeza kuti magazi achepa, ampatsa okha mapiritsi owonjezera magazi. Ife zathu ndi mazira, usipa, nyemba, bonongwe wotendera, mbatata yofiira m'kati. Chambiko ngati chapezeka amwe ndithu, ndi chakudya chabwino.

Amalume a ku Kawale: Pamenepa ndamva. Koma pali zina ndinabisa dala poopa kukuchititsani manyazi ana inu. Chimbudzi cha amayi chinagwa ndi mvula ya chaka chatha, ana akupita kuseri kwa nthochi.

Achemwali a ku Area 25: Amalume, gwero lake ndi limenelo. Atha kumwa mankhwala lero, miyezi ingapo njoka zabwereranso. Ndiye ndalamazo zipite ku chimbudzi.

Mlamu wa ku Chinsapo: Afunseninso anyamata awiri aja ngati sakukodza magazi, paja amasambira kudambo. Wanga anadwalapo likodzo titachokera ku Salima, ankabisa chifukwa cha manyazi.

Achemwali a ku Area 25: Mwakumbutsa bwino alamu. Likodzo mankhwala ake ndi ena, praziquantel, amayeza kulemera kapena msinkhu wa mwana, ndipo amwe atadya. Albendazole sathetsa likodzo. Komanso mtsikana amene akuthandiza agogo uja ngati ali woyembekezera anene kwa adokotala, miyezi itatu yoyambirira sapereka albendazole.

Achimwene a ku Joni: Chabwino, za mabotolo ndazisiya. Ine nditenga simenti ndi malata. Kukhala kutali kumapweteka abale, umangofuna utumize kenakake.

Amalume a ku Kawale: Watumiza kale, simentiyo si yochepa. Njerwa zilipo pa uvuni wanga. Okumba dzenje ndikambirana nawo ndekha, ndipo pakhomo pa chimbudzi tikaika mpondagiya ndi sopo. Otsala nonse K10,000 aliyense, pa Airtel Money kapena Mpamba, Lachinayi lisanadutse.

Mlamu wa ku Chinsapo: Nsapato za ana ndigula ine ku Tsoka. Wina anditumizire masaizi, olo ayeze mapazi ndi kachingwe.

Achemwali a ku Area 25: Ine Lolemba ndili pa ofu. Ndikwera minibasi ya m'mawa, ana onse asanu ndikapita nawo kuchipatala ndekha. Amalume, awuzeni agogo afunefune mabuku a kusikelo, ndipo anawo adyeretu phala.

Amalume a ku Kawale: Ndiwaimbira madzulo ano pa foni ya aneba.