Waranti yoonjezera pa galimoto yogonamo: ndilipire kapena ndalamayo ndisunge?

Mlimi wa ku Chulu:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanatumize ndalama.

Fodya wa chaka chino wandisiyira kangachepe. Ndikaphatikiza ndi zomwe ndinapeza nditagulitsa pikapu yanga yakale, ndikufuna kugula galimoto yogonamo, zija alendo amayenda nazo kunyanja. Alamu anga a ku Johannesburg andipezera Toyota Hiace yadenga lalitali, kumeneko amati Quantum, ya dizilo, injini 2KD, ndipo yayenda kale makilomita oposa 180,000. M'kati muli bedi, kafiliji, sitovu ya gasi, thanki ya madzi ndi kampope kake, batire yachiwiri ndi sola padenga.

Pa tchuthi ndizitengera ana ku Nkhotakota kudzera msewu wa M18, koma cholinga chenicheni ndi hayala. Chibwerereni njovu 263 zija zochokera ku Liwonde mu 2022, ine ndimaona ngati ofunsa njira ya ku Lifupa achulukako pa Boma pano.

Tsono wogulitsayo akuti ndionjezere ndalama andipatse waranti ya zaka ziwiri. Mtengo wake ukufika pafupifupi limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa galimotoyo. Alamu akuti lipirani, injini ikafa mudzalira. Mayi akunyumba akuti ndalama imeneyo ndi feteleza wa munda wonse, komanso a MRA akudikira msonkho wawo pachipata. Alipo amene analipirapo zoterezi n'kuona phindu lake?

Makaniko wa pa Kasungu Boma:

Bambo, musanaganize za mtengo, auzeni alamuwo ajambule pepala lonse la warantiyo akutumizireni pa WhatsApp. Lonse, ndi tizilembo ting'onoting'ono ta kumapeto tomwe. Mukalandira muyambire kuwerenga pamene alemba zinthu zomwe salipira. Tsamba loyamba lija ndi lokopa chabe.

Ine ndimakhala pansi pa ma Hiace tsiku ndi tsiku, ndiye ndikuuzeni zomwe zimafa kuno. Mukayenda kangapo msewu wafumbi wopita ku paki, zoyamba kulira ndi mashoko, mabushi, ma ball joint ndi mabuleki. Kenako kilatchi, makamaka galimoto ikamayendetsedwa ndi anthu osiyanasiyana. Zonsezi pa waranti amazitcha zinthu zotha chifukwa chogwiritsa ntchito, ndipo kawirikawiri salipira. Matayala ndi batire musatchule n'komwe.

Chimene amalipira ndi zazikulu: injini, giyabokosi, defu, nthawi zina tebo ndi ma injector. Apa mpomveka kuti munthu akopeke, chifukwa 2KD si 5L yakale ija yomwa chilichonse. Ndi ya common rail, ma injector ake ndi odula, ndipo sagwirizana ndi dizilo wakuda. Koma taonani msampha wake. Mafuta akasowa pa filing'i siteshoni, inu muli ndi alendo akudikira, mudzagula a m'zigubu. Musakane, mudzagula. Mukatero ma injector n'kufa, iwo akayeza n'kupeza madzi kapena palafini mu dizilo, nkhani yathera pomwepo. Mafuta oipa waranti sikhudza.

Kutentha kwa injini n'chimodzimodzi. Paipi ya radiyeta ikaphulika dalaivala osaona geji, hedi n'kupindika, ambiri amati munapitiriza kuyendetsa galimoto yodwala, ndiye mlandu ndi wanu.

Ndipo pali china chondikhudza ine mwini. Mapepala amenewa amafuna kuti musanamasule bawuti ngakhale imodzi muwaimbire foni avomereze, ndipo ntchito igwiridwe pa galaja yomwe iwo akuidziwa. Galaja yanga ya pansi pa mtengo wa mango aidziwa bwanji ku Johannesburg? Sevisi nayonso amafuna ichitike pa nthawi yake, ndi malisiti osindikiza. Oyilo wosinthira pakhomo ndi mwana wa achimwene anu sawerengedwa.

Funsani ngati timing belt inasinthidwa. Pa injini imeneyo imayenera kusinthidwa pa makilomita 150,000, ndiye yanuyo inapitirira kale. Ngati palibe umboni, isinthidwe konko isananyamuke.

Mayi wa za inshuwalansi, Mchinji:

Amakaniko anena zambiri zoona, ine ndingoonjeza ziwiri zomwe zikhoza kuphetsa pepala lonselo lisanagwire ntchito.

Choyamba ndi malire a dziko. Waranti yogulidwa ku South Africa imalembedwa poganizira galimoto yokhala konko. Zina zimalola ulendo wa kanthawi m'maiko oyandikana nawo, koma galimoto yomwe yatuluka kotheratu n'kulembetsedwa nambala ya ku Malawi ndi nkhani ina. Wogulitsa akanena pakamwa kuti "palibe vuto", muuzeni akuonetseni mzere umene walemba zimenezo. Iyeyo nthawi zambiri amadyapo komishoni pa waranti iliyonse, ndiye musadabwe kuti akulimbikira.

Chachiwiri ndi hayala yanuyo. Mawaranti ambiri a galimoto za anthu wamba amakana galimoto yochitira bizinesi. Tsiku lomwe mlendo wakupatsani ndalama n'kutenga makiyi, mwaswa pangano.

Komanso tisasokoneze zinthu. Waranti si inshuwalansi. Mukagunda ng'ombe pa Santhe, galimoto ikapsa kapena ikabedwa, waranti ilibe nazo ntchito. Imeneyo ndi ntchito ya comprehensive, ndipo nayonso muwauze a kampani poyera kuti galimotoyo ndi ya hayala. Alendo anu akafuna kuwoloka pa Mwami kupita ku Chipata ndi ku Mfuwe, mudzafunikanso COMESA Yellow Card. Ine ndikanakhala inu, ndalama yoyamba ikanapita kumeneko.

Mukakangana ndi kampani ya inshuwalansi ya kuno, Reserve Bank ilipo yoyang'anira. Mukakangana ndi wamalonda wa kuno, kuli a Competition and Fair Trading Commission. Nanga kampani ya kunja mukaisumira kuti, ndipo thiransipoti yake alipira ndani?

Mtchona wobwerera:

Ine ndisiyaneko nanu pang'ono, chifukwa mukulankhula ngati waranti yonse ndi chinyengo. Ndili ku Joni, bwana amene ndinkamugwirira ntchito anali ndi galimoto yogonamo ya otomatiki. Giyabokosi inafa tili panjira, anaimba foni, anaikoka, ndipo kampani inalipira gawo lalikulu. Sanalipire zonse ayi, chifukwa chiwalo chilichonse chimakhala ndi malire ake a ndalama, ndipo galimoto ikakhala yakale kapena yoyenda kwambiri malirewo amatsika. Komabe bwanayo anapepukidwa.

Kusiyana kwake n'koti iye anali ndi buku la sevisi lodinda bwino, magalaja ovomerezeka ali paliponse, ndipo galimotoyo sinkachita hayala. Ndiye kwa munthu wogula galimoto yatsopanoko kwa dila wa ku Lilongwe, amene akonzenso yekha ikafa, ine ndinganene kuti lipirani. Kwa achimwene a ku Chuluwa, ayi.

Wina asaiwale za m'katimo. Filiji, mpope, sola ndi batire yachiwiri zimaikidwa ndi kampani ina, osati Toyota, ndipo waranti ya injini siziwerengera. Choopsa kwambiri pa galimoto zimenezi ndi kudontha. Paliponse pomwe anaboola denga poika sola kapena kawindo, guluu amauma ndi dzuwa. Mvula ya mu Januwale ikalowa, matabwa a m'kati amafufuma ngati chigumu. Alamu anu atsegule makabati onse anunkhize, akanikizenso ndi chala m'makona ndi pansi pa matiresi. Pakafewa, asiye galimotoyo.

Mlimi wa ku Chulu:

Zikomo nonse. Pepala lafika usiku wathawu, ndipo mayi a ku Mchinji munalasa: pali mzere wokana galimoto ya hayala. Za dziko alemba mozungulira, alamu akafunsanso mawa. Ndiye ndalamayo ndingoiika ku banki kudikira tsiku la tsoka?

Makaniko wa pa Kasungu Boma:

Ku banki ayi, bambo, osati yonse. Mwaiwala kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023? Masipeya amatsata dola ndi randi, pamene ndalama yanu yangokhala.

Poti ili kale m'marandi, igwire ntchito konko. Choyamba alamu alipire makaniko wapadera, osati wa wogulitsayo, ayeze ma injector pa kompyuta, aone radiyeta ndi kunsi konse. Yotsalayo agule timing belt ndi tensioner yake, water pump, mafyuluta a dizilo angapo, mashoko anayi, mabuleki ndi kilatchi, alonge m'galimoto momwemo. Malisiti asunge, a MRA adzawafuna pachipata. Ikafika mubwere nayo ndidzaikemo fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi ndi dizilo musanapereke makiyi kwa mlendo aliyense.