Uchi ukuwira m'mabotolo, ndiupulumutse bwanji?

Moni nonse alimi anzanga a njuchi. Ndithandizeni nzeru. Uchi wanga ukuchita thovu pamwamba, mabotolo akufufuma, ndipo ndikatsegula chivindikiro mpweya ukutuluka ngati thobwa logona. Wayambanso kununkha chowawasa. Ndi wa m'ming'oma ya top bar (ija ya timatabwa pamwamba timene njuchi zimamangapo zisa) kuno ku Nkhata Bay, wofinya pamanja, ndipo uli m'mabotolo apulasitiki a magalamu 500.

Sindikunena kuundana ayi. Uchi weniweni umaundana, ndipo umasungunuka mukaika botolo m'madzi ofunda osapitirira madigiri 40. Koma wangawu ukuwira. Refractometer (kachipangizo koyezera madzi a mu uchi) yaonetsa madzi 22 peresenti, pamene uchi wosungika bwino umakhala cha m'ma 18, ukapitirira 20 ndiye mavuto. Ndikukayikira zisa zimene njuchi zinali zisanamate ndi phula, poti zina zinafinyidwa pamodzi ndi zokhwima. Chinyezi cha kunyanja kuno nachonso sichithandiza, paja uchi umakoka madzi a mumpweya ukasiyidwa pululu.

Ndayengula thovu, ndasefanso ndi nsalu youma, wina ndautsekera m'ndowa m'chipinda chozizira, koma thovu likubwerabe. Kuuwiritsa pamoto sindikufuna, umada ndi kutaya fungo lake.

Kodi ilipo njira yochepetsera madziwa popanda makina? Nanga kuutenthetsa m'madzi kuti yisiti imene ikuuwiritsayo ife, pamafunika madigiri angati, kwa mphindi zingati? Ndipo amene mumaphika mabisiketi ndi zitumbuwa, uchi wowawasa chonchi umagwira ntchito, kapena ndingoupanga viniga basi?