Ndalama zoyambira kafukufuku wa okalamba zimapezeka kuti abale?

Chidzukulu_chaAgogo:
Moni nonse. Ndamaliza masters ya public health chaka chatha ndiye mutu umene wandikhala pamtima ndi wa BP mwa okalamba akumudzi. Agogo anga akulera zidzukulu zinayi, mankhwala amamwa mwezi uno, mwezi wamawa ayi, poti kuchipatala nkutali komanso kabaza akufuna ndalama. Ndikufuna ndifufuze kuti ndi angati amene akusiya mankhwala chonchi ndipo chikuwasiyitsa nchani. Koma grant iliyonse imene ndawerenga akuti onetsani kaye data imene munatolera kale, nanga ndiitenga kuti pomwe ndilibe ngakhale ya mafuta? Ndamva za seed funding, alipo anaipezapo?

Wa_ku_Chilumba:
Achemwali, seed funding ndi mbewu basi monga dzina likunenera, sangakupatseni yolimira munda onse. Yang'anani ya RSTMH, bungwe la ku London loona za matenda a m'maiko otentha, amapereka mpaka mapaundi 5,000 kwa anthu ongoyamba kumene, ntchito ya chaka chimodzi. Ku America kuli NIA, nthambi yoona za ukalamba ya NIH, bungwe la boma la kafukufuku wa zaumoyo, imathandiza ma centre m'mayunivesite ndipo ma centre amenewo ndi amene amagawa tindalama ta pilot, kakafukufuku kakang'ono koyesera, koma kawirikawiri pamafunika mukhale ndi mnzanu wa konko. Grant yaing'ono ya NIH yotchedwa R03 ndi mpaka madola 50,000 pachaka kwa zaka 2, imeneyo ndi ya mtsogolo mukakhala ndi kapepala kamodzi kosindikizidwa.

Koma musanapemphe ndi tambala yomwe, mwaiona data ya MLSFH, kafukufuku wa mabanja ndi umoyo m'Malawi? University of Pennsylvania yakhala ikutsatira mabanja ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka kuyambira 1998, ndipo mu 2012 anayamba gulu lapadera la anthu a zaka 45 kupita m'mwamba, BP anayezanso. Mukhoza kupempha data imeneyo, kuikonza pa laptop panu muli phee kunyumba, ndiye zimene mwapezazo nkumalemba mu proposal. Funso lanu lichepe, boma limodzi, mwina midzi yozungulira health centre imodzi basi.

Mkulu_Wamafomu:
Zoona zimenezo koma tisanamizane, zambiri timathera potolera data ife, pepala likamatuluka dzina lako lili kumapeto mwina osapezekamo nkomwe. Zinandichitikira ndi anthu ena sinditchula, miyezi isanu ndili pa njinga yamoto m'matope. Ndiye mukamagwirizana ndi akunja nkhani ya dzina loyamba pa pepala muikambe poyambirira ndipo ilembedwe pa email.

China, bajeti. Ikani ndalama ya ethics, yopemphera chilolezo ku komiti younika kafukufuku, kaya mudzera ku COMREC ya yunivesite ya KUHeS kaya NHSRC ya unduna wa zaumoyo, ndipo kudikira chilolezoko kumadya miyezi pa chaka chanu chimodzicho. Kumbukiraninso November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, amene anali atalemba mitengo m'makwacha analira, mafuta ndi ma allowance zonse zinakwera ntchito ili pakati.

NaPhiri_nesi:
Ine za ma grant sindilowererapo koma ndayendapo ndi mafomu kwa okalamba. Funso loti muli ndi zaka zingati lokha limatha mphindi khumi, agogo amangoseka nkuti kaya mwananga, ndiye umayamba kufunsa kuti njala ya 1949 munaiona, nanga pa ufulu mu 1964 munali mutakwatiwa kale? Fomu imene muofesi mumati mphindi 30 kumudzi ndi ola lathunthu, makutu olemera, mpongozi wakhala pambali akuwayankhira, iwe waikapo makina a BP padzanja lowonda ngati bango lamba nkumakwenyuka, mabatire nkutha. Gulani lamba wamng'ono ndi mabatire ambiri. Ndipo mukapeza agogo BP ili 190 simungangolemba nambala nkutsanzika, pakhale kalata yowatumizira kuchipatala komanso ka transport, a ethics adzakufunsani zimenezo. Osapita nthawi ya dzinja, onse amakhala kumunda, ngakhale oyendera ndodo.

Chidzukulu_chaAgogo:
Eee zikomo kwambiri akuluakulu, za lamba wamng'onoyo sizinandibwerere m'mutu olo pang'ono. Ndiyamba ndi kupempha data ya MLSFH sabata ino, proposal ndichepetsa ikhale ya health centre ya kwathu yokha. A Wa_ku_Chilumba, ndikalemba masamba awiri oyamba mungandiwerengereko?

Wa_ku_Chilumba:
Tumizani ku inbox, koma bajeti ikhale pomwepo, ndiyambira kuona imeneyo.