Ranger wa malupanga awiri wayamba kunyong'onyeka pa tebulo langa la D&D, ndisinthe lamulo?

Abale a m'gulu muno, ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene mumayendetsa D&D (Dungeons & Dragons, masewera a pa tebulo osewera nkhani ndi madayisi).

Ndili ku Mangochi boma. Loweruka lililonse timakumana anthu asanu pakhonde kwathu dzuwa likapendeka, poti m'nyumba masana simukhalika. Timatsata buku la malamulo la Player's Handbook ya 2014. Madayisi tili ndi seti imodzi yokha imene msuweni wanga anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg, ndiye timangopatsirana. Mapu ndimajambula kuseri kwa kalendala yakale, adani amakhala timiyala ta bawo. DM, woyendetsa masewerawo, ndine.

Nkhani ili pa mng'ono wanga. Anasankha kusewera ranger (mlenje wankhondo) wa malupanga awiri aafupi, lina kumanja lina kumanzere, ndipo pa level 2 anatenga Two-Weapon Fighting style, luso lomenyera ndi zida ziwiri. Masiku amenewo ankayenda monyang'wa. Kumenya kawiri, 1d6 (dayisi imodzi ya mbali 6) kuphatikiza 3 lupanga lililonse, avareji 13, pomwe mnzathu wa fighter ndi chilupanga chake cha 2d6 ankathera pa 10. Pano tafika level 5 ndipo zinthu zatembenuka.

Loweruka lapitali ndinawaikira magoblin asanu ndi atatu pamlatho. Mng'ono wanga anayamba ndi Hunter's Mark, spell yoika chizindikiro pa mdani kuti kumenya kulikonse kuziwonjezera 1d6. Imeneyi imadya bonus action (kachochita kowonjezera, kamodzi kokha pa turn), ndipo lupanga lakumanzere nalonso limafuna bonus action yomweyo, ndiye linangokhala. Goblin ali ndi ma HP (mapointi a moyo) 7 okha, anagwa pompo. Turn yotsatira, kusamutsira chizindikirocho pa goblin wina kukufunanso bonus action. Nkhondo yonse inatenga maraundi anayi, lupanga lakumanzere linamenyapo kamodzi.

Uku fighter uja pa level 4 anatenga feat (luso lapadera) ya Great Weapon Master. Akagwetsa mdani amapatsidwa mwayi womenyanso ndi bonus action, ndiye pamlatho paja munthu wa lupanga limodzi ndi amene ankamenya katatu, wa malupanga awiri kawiri. Mng'ono wanga anaika d20, dayisi yomenyera, pansi mwakachetechete n'kundifunsa kuti, "Achimwene, ili lakumanzereli ndi lokongoletsera?" Ena anaseka. Ine ndinaona kuti sakuseka nawo, ndipo mbali yotsalayo anangokhalira foni.

Ndawerengera pa pepala. Ali ndi +4 pa Dexterity, ndiye zonse zikalowa, kumenya katatu ndi 22.5, kukakhala Hunter's Mark ndi 33. Si zochepa ayi. Kungoti 33 ameneyo amamuona pokhapokha mdani akhale wolimba, wotha maraundi angapo osagwa. Fighter akalolera kuchotsa 5 pa dayisi yomenyera kuti awonjezere 10 pa damage, kumenya kawiri kumafika 40, ngakhale amaphonyaphonya. Kutsogoloku n'kumene kukundidetsa nkhawa, chifukwa fighter pa level 11 azidzamenya katatu ndi 2d6, pomwe dzanja lamanzere limakhala la kamodzi mpaka kalekale. Tisaiwalenso kuti wa malupanga awiri wataya +2 AC (nambala ya chitetezo) ya chishango, ndipo zida zamatsenga afunika apeze ziwiri.

Lamulo limene ndikuganiza ndi ili: kumenya kwa dzanja lamanzere kuzilowa m'kati mwa Attack action (kumenya kwa nthawi zonse), kamodzi pa turn, bonus action izikhala yake. Chikundigwira mwendo ndi chemwali wina wa ku Mpondasi amene amasewera rogue (kazembe wozemba) wa mipeni iwiri. Nditangotchula ganizoli anamwetulira mwa mtundu wina. Iyeyu angakhale ndi mipata iwiri yolowetsera Sneak Attack (damage yowonjezera ya rogue) ya 3d6, n'kuthawanso osakhudzidwa ndi Cunning Action, imene imadya bonus action. Pano amayenera kusankha chimodzi, ndipo kusankhako n'kumene kumakometsa rogue.

Komanso ndi mng'ono wanga, anthu asadzati DM akukondera wa kunyumba. Alipo anayesapo lamulo lotere? Linakuyenderani bwanji?

Wa ku Zomba:
Achimwene, chimene mukufunacho a Wizards of the Coast anachiika kale m'buku la 2024. Muli Weapon Mastery, maluso apadera a zida, ndipo ina mwa izo ndi Nick. Imapezeka pa dagger, scimitar, sickle ndi light hammer, ndipo imalowetsa kumenya kowonjezerako m'kati mwa Attack action, kamodzi pa turn. Lupanga lalifupi lili ndi Vex, osati Nick. Musinthitseni lakumanzerelo atenge scimitar, ndi 1d6 yomweyo. Wina akati mukukondera, mumuonetse tsamba.

Mwini funso:
Zikomo akulu, Nick ndinali ndisanaimvetse bwino. Koma ndikampatsa iye yekha mastery, fighter naye afuna yake, ndiye ndayamba kusakaniza mabuku awiri pakati pa ulendo. Komanso dagger ili pa mndandanda womwewo, chemwali uja ndiye wapata basi.

Wa ku Lilongwe:
Ine ndinayesa lamulo lanuli kwa aliyense, ndinanong'oneza bondo. Rogue sanandivute kwambiri, poti Sneak Attack ndi kamodzi pa turn ngakhale amenye kangati. Amene anandisokoneza ndi monk, womenya ndi nkhonya uja. Malupanga aafupi awiri, Extra Attack (kumenya kawiri), kwaulere kwa dzanja lamanzere kuja, kenako Flurry of Blows (nkhonya ziwiri za bonus action), kumenya kasanu pa level 5, kulikonse akutha kuyeserapo Stunning Strike youmitsa mdani malinga ki (mapointi a mphamvu a monk) ilipo. Bwana wa achifwamba amene ndinamukonza sabata yonse sanasunthe n'komwe. Ngati mukufuna lamuloli, limangirireni pa fighting style. Amene analipira style ndi amene apindule. Rogue ndi monk alibe style pokhapokha ataye level kapena feat, ndipo akalolera kutero asiyeni, agula.

Wa ku Monkey Bay:
Aise, ine ndikuona vuto ndi iweyo osati buku. Magoblin a ma HP 7 ukuwathirira Hunter's Mark yachani? Muuze mng'ono wakoyo kuti pa tinthu tofa msanga asamaponye spell, azingomenya katatu. Ndipo iwe uzisakaniza adani. Muikire ogre wa ma HP 59 uone ngati adandaule. Kenako muikire mdani wa AC 18, fighter wako wa kuchotsa 5 uja azingopha mphepo.

Mwini funso:
Apa mwandilasa, sindikana. Magawo atatu apitawa ndakhala ndikuika tiadani tambirimbiri chifukwa timiyala ta bawo tilipo tochuluka, chidole chachikulu ndilibe. Ogre ndimuimiritsa ndi botolo la tsabola. Koma pa kusaponya spell sindikuvomereza kwenikweni. Mwanayu anasankha ranger chifukwa cha Hunter's Mark ndi malupanga awiriwo pamodzi, ndiye kumuuza kuti chimodzi azichisiya ndi dandaulo lake lomwe lija.

Wa ku Mzuzu:
Njira ina yaing'ono: musakhudze malupanga, mungolola kuti mdani akagwa, kusamutsa Hunter's Mark kukhale kwaulere. Kuponya koyamba kuzidyabe bonus action. Rogue sapindula kanthu, monk sapindula kanthu, ndipo turn yoyamba mng'ono wanuyo azisankhabe.

Mwini funso:
Iyi yandigwira mtima, ndi yopepuka kufotokoza pa tebulo. Ndiyamba nayo Loweruka likubwerali kwa magawo atatu, ndizilemba damage ya aliyense kuseri kwa kalendala kuja onse akuona. Ikapanda kukwanira ndipita pa ya akulu a ku Lilongwe yomangirira pa style. Funso lotsala: kusamutsa kwaulereko kuzichitika nthawi yomweyo mdani wagwa, pakati pa turn, kapena adikire turn yotsatira monga buku linenera? Chifukwa zikakhala za pompopompo, pamlatho paja akanagwetsa magoblin atatu pa turn imodzi, ndipo odandaula akanakhala fighter.