Puleni yasiya kukumba thabwa la mbawa

Zikomo nonse amene munayankha funso langa lija la puleni yomwe inkakumba thabwa la mbawa m'malo molisalaza. Ndinatsata malangizo anu achimwene a ku Mchesi. Mpeni wa puleniyo ndinaunola pa madigiri 25, koma kunsonga kwenikweni pa madigiri 30. Koma chomwe chathandiza kwambiri ndi chitsulo chogona pamwamba pa mpeni chija: ndinachisendeza mpaka kutsala theka la milimita kuti chifike kunsonga, mpeniwo n'kuutulutsa pang'ono chabe. Pano zopala zikutuluka zopyapyala ngati pepala.

Kutembenuza thabwa sikunathandize, mitsempha ya mbawa imapingasana. Chenjerani apa: chitsulocho chikapanda kugona bwino pa mpeni, zopala zimalowa pakati, puleni n'kutsamwa. Yambani mwawongola mlomo wa chitsulocho pa mwala wonolera.